Sikuta ya Kachitsa

Ndinagwada pansi m'sitolo ya njinga zamoto muja, anthu onse akuona, n'kusolola tepi yanga m'chikwama. Pasimenti panali mafuta akuda, koma za diresi sindinalabadire. Nsonga ya tepi ndinaipanikiza pansi ndi chala, n'kuikoka mpaka pampando wa sikuta yofiira ija.

"Mainchesi 30," ndinatero mokweza, kuti ndi amene anali panja omwe amve. "Mwendo wa mwana wanga, kuchokera m'mphechepeche kukafika pansi, ndi 27. Ndiye tandiuzani alamu, atatu otsalawo akawatenga kuti? Kapena nawonso mumugulira?"

"Amayi, chonde," mwana wanga ananong'ona, maso ali pansi.

Alamu anga, mlongo wa malemu mwamuna wanga, anangomwetulira. Ali ndi famase mayi amenewa, ndipo kumwetulira kwawo n'kwa kuntchito, kuja amamwetulira munthu wobwera kudzagula mankhwala a matenda ochititsa manyazi.

"Dzukani alamu, mudetsa zovala. Palibe amene akulimbana nanu pano."

Analipo. Iwowo.

Ine ndine telala. Sukulu ndinalekezera kupulayimale, koma manambala a thupi la munthu sandisokonekera. Mundionetse kasitomala amene ndinamusokera zaka zisanu zapitazo, ndikuuzani chiuno chake ndisanakumbuke n'komwe kumene amakhala. Mwamuna wanga atamwalira ndinatsala ndi zinthu ziwiri: makina osokera, ndi mwana mmodzi wamkazi, amene bambo ake ankamutchula kuti Kachitsa chifukwa cha kufupika. Makinawo palibe anawasirira. Mwanayo ndiye alamu anamuika diso. Iwo mwana alibe. Sindikunyoza, ndikungonena mmene zilili.

Zinayamba ndi kumugulira nsapato. Kenako majinzi, mabulauzi a m'sitolo okhala ndi kapepala pakhosi, mpaka foni. Tsiku lina ndinamusokera siketi yabwinobwino, yoti aliyense angatembenuke pamsewu, iye n'kuipachika kuseri kwa chitseko mwezi wathunthu osaivala. Ndinaichotsa n'kuipatsa mwana wa aneba. "Azikuveka azakhali akowo," ndinatero. Ndipo ine ndikanena ndanena.

Chaka chimenecho, ali ndi zaka 17, Kachitsa anapeza malo pasukulu ya zamagetsi kutsidya lina la mzinda. Minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Ankanyamuka tulo tili m'maso, koma n'kukapezabe geti atatseka. Atachedwa kachitatu anamupatsa kalata yoti akadzachedwanso malo ake apatsa wina. Kalatayo ine ndinaiona pomaliza. Ndinaipeza pathebulo langa lodulirapo nsalu, itapanikizidwa ndi pepala la zithunzi za masikuta, tinjinga tamoto tija timene munthu amakhalapo miyendo ili pamodzi ngati ali pampando wa pabalaza. Yofiira inali itazunguliridwa ndi cholembera chobiriwira. M'nyumba mwanga mulibe cholembera chobiriwira.

"Ichi n'chiyani?" ndinamufunsa Kachitsa.

"Ndimati ndikuuzeni, amayi."

"Liti? Atakunyamula kale pa ambulansi?"

"Kuyendetsa ndimatha. Laisensi ndili nayo."

Phazi langa linaima pachopondera makina.

"Wati chiyani?"

"Azakhali ankandiperekeza kokaphunzira. Loweruka lililonse."

"Loweruka lija unkati ukukawathandiza kusanja mankhwala m'mashelefu?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Miyezi ingati?"

"Inayi."

Miyezi inayi! Ine ndikumuphikira tiyi, kumuuza kuti akawapatse moni azakhali, pamene iwo ali pabwalo linalake akuwomba m'manja mwana wanga akuzungulira matayala. Atagwa koyamba anamudzutsa ndani? Bondo anamupukuta ndani? Sindinafunse.

"Ndiye ine m'nyumba muno ndine ndani? Wantchito?"

"Mukanakana, amayi."

"Ndikanakanadi! Koma ukanandifunsa, ndikane ndi pakamwa pangapa."

Kukana sikukanathandiza, ndinkadziwa. Kalata ija sinkanama, ndipo minibasi sizikanayamba kuuluka chifukwa choti ine ndapsa mtima. Choncho ndinalengeza kuti Loweruka ndipita nawo kokasankha. Sanandiitane, ndinadziitana ndekha. Kulipira alipire alamu, zawo zimenezo, koma kusankha asankha mayi wake wa mwana. Ndinali ndi chinthu chimodzi chimene famase yonse ija inalibe: nambala ya mwendo wa Kachitsa.

Ndi mmene ndinapezekera chogwada pasimenti paja.

Ndinadzuka n'kuloza pakona. Kunali kasikuta kena kotuwa, kafupi, kooneka ngati ayironi yamakala. Ndinali nditakayeza kale alamu akutanganidwa ndi kusisita yofiirayo. Kunyansa kanali konyansa, ndi ine ndemwe ndinkaona, koma kanali kosankha ine.

"Atenga ako. Mainchesi 27 ndendende. Akaima pamaloboti mapazi azifika pansi. Yanu yofiirayo imugwetsera kunsi kwa lole, inu n'kudzabwera ndi nkhata ya maluwa yaikulu kuposa ya aliyense, ngati muja munachitira pa achimwene anu."

Kumwetulira kwa alamu kunazima. Mtima wanga unakhala m'malo.

Mwini sitolo anali bambo wachikulire wadazi, magalasi ake omangirira ndi chingwe cha nsapato. Nthawi yonseyi ankangopukuta manja ndi kasanza, kutiyang'ana mmodzimmodzi ngati munthu amene nkhondo za mtundu umenewu anaziona zambiri. Apa anatsokomola.

"Mayi, inu ndinu atelala, kagwiridwe ka tepiko ndakaona. Koma kuno tili ndi kayezedwe kathu. Mpando umalowa pansi munthu akakhalapo, tepi siidziwa zimenezo. Ine ndimamukhazika mwini wakeyo, n'kutenga aka." Anasolola kakhadi m'thumba la malaya, kakalekale, kothimbirira m'mbali. "Kakalowa pansi pa chidendene, njinga si yake, ngakhale alire misozi ya magazi. Kakakana kulowa, ndi yake."

"Yezani," ndinatero, manja ali m'chiuno. "Muone nokha."

Kachitsa anakwera. Chitsulo choimikira njinga anachikankha ndi phazi osayang'ana n'komwe, ngati munthu wobadwira pomwepo, ndipo ine ndinaluma mano poganiza amene anamuona akuphunzira zimenezo. Mapazi onse awiri anatera pansi. Bambo uja anawerama, maondo akulira, n'kukankha kakhadi kuchidendene chamanja. Kanapindika. Anapita kumanzere. Kanapindikanso.

"Ndi yake," anatero.

"Ndi nsapatozo! Nsapato za azakhali akezo zili ndi soli ngati buledi. Tsika, uvule."

"Alamu, mwana mukumuchititsa manyazi."

"Ndinamubereka ndine. Manyazi ake onse ndinawaona inu musanadziwe kuti ndi wamkazi kapena wamwamuna. Vula, iwe!"

Anatsika, n'kuvula, n'kuima ndi masokosi okha pasimenti ya mafuta ija. Amuna awiri amene ankasankha matayala anasiya zawo kuti aonere. Ndinagwadanso. Chala changa chinapita chokha pa 27, monga chinazolowerera. Mwendo unapitirira. 28. 29. Unakathera pa 29 ndi theka. Ndinayezanso. Ndinatembenuza tepi kuti ndione ngati yaduka kunsonga. Tepi inali bwinobwino.

Ndinakweza maso. Kuchokera pansi pamenepo mwanayo anali wamtali ngati bambo ake, khosi lomwelo, mapewa omwewo. Anakula liti? Kunyumba ndinkamuona ndili chikhalire pamakina, maso ali pasingano, iye akudutsa kumbuyo kwanga ndi "ndapita amayi," "ndabwera amayi," ine n'kumangoti "eya" ulusi uli pakamwa.

"Munandiyeza komaliza mukusoka diresi la pamaliro a ababa," anatero motsitsa mawu.

Sananene mokwiya. Bola akanakwiya.

Alamu anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuwerenga chikalata cha mafuta a injini, ngati kuti munalembedwa nkhani yofunika kwambiri. Chifundo chimenecho ndi chimene chinandibaya. Akanaseka, ndikanadziwa chowachita.

Ndinapinda tepi n'kukakhala pabenchi pafupi ndi mulu wa matayala. Iwo anapita pakauntala kukalemba mapepala. Ndinkawaona chakumbuyo, mitu itagundana, alamu akuloza posaina ndi cholembera chawo chobiriwira chija, Kachitsa akufunsa za mafuta, za mabuleki, za tsiku lobwera nayo kuti adzaione. Mwini sitolo ananena kanthu kena, onse awiri n'kuseka, ndipo kuseka kwawo kunali kumodzi, kwa mtundu wa kwa mwamuna wanga, kokokera mpweya m'mphuno. Munthu wolowa nthawi imeneyo akanati awo ndi mayi ndi mwana wake, uyo wakhala pabenchiyo akudikira kuti amumatire tayala.

Sikuta anaitulutsa panja. Padzuwa inkawala mochititsa kaso, ndipo ndinadana nayo chifukwa cha kukongolako. Kachitsa anabwera kwa ine atanyamula zisoti ziwiri. Choyera anali atachikoleka pamkono, chakuda anandilozetsa ndi manja awiri.

"Amayi, kwerani. Ndikufuna woyamba kumukweza mukhale inu."

Mtima unkafuna, sindinama. Ndinadziona ndekha ndikutsika pageti pathu, aneba ali m'mawindo, mwana wanga atandibweretsa. Koma alamu anali ataima pomwepo, makiyi a galimoto ali kumanja, akugwedeza mutu kuti eya, kwerani, ngati kuti ndi iwo akundiloleza kukhala kumbuyo kwa mwana wanga.

"Kweza amene wagula."

"Amayi!"

"Alamu, mwanayu akufuna inu," iwo anatero.

"Inu musandiuze zimene mwana wanga akufuna. Ndabwera pa minibasi, ndibwerera pa minibasi. Yofiira mwasankha nokha, ikwereni nokha."

Kachitsa anandiyang'ana nthawi yaitali, chisoti chili m'malere pakati pathu, kudikira kuti mwina nditambasula dzanja. Manja anga ndinawapinda pachifuwa. Kenako nkhope yake inauma, kuuma kumene ndikukudziwa bwino chifukwa anatengera ine. Anatembenuka.

"Azakhali, kwerani."

Alamu anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana mwanayo. Anazengereza, chilungamo ndinene. Koma misozi inali italengeza kale m'maso mwa Kachitsa, ndipo amuna a matayala aja anali atatulukira pakhomo. Anaponya makiyi m'chikwama.

"Galimoto ndibwera kudzaitenga," anauza mwini sitolo.

Atavala chisoti chakuda chija, chinatsika mpaka pamphuno. Anachikankhira m'mwamba, chinatsikanso. Kachitsa anakoka lamba wa pachibwano mpaka kumapeto, koma chinkagwederabe, uku ndi uku. Injini inalira. Analowa mumsewu pang'onopang'ono, mwana wanga msana uli chilili, alamu dzanja limodzi litagwira chisoti pamutu, linalo litazungulira m'chiuno mwa Kachitsa, mpaka basi ina inawabisa.

Ndinaseka, kuseka kowawa.

"Taonani! Chisoti ngati poto. Kusankha kwa anthu ophunzira kumeneko."

"Si chawo chimenecho, mayi," mwini sitolo anatero.

Analowa m'kati, ine n'kumutsatira kuti ndimufunse akutanthauza chiyani. Anatsegula kabati ya pansi pa kauntala, n'kufufuza pakati pa mabawuti ndi malisiti, n'kutulutsa kansalu kakatali, kopyapyala ngati chingwe, kali ndi mfundo imodzi chakumapeto. Ndinakazindikira kasanafike m'manja mwanga. Kanali kotsala pa nsalu yabuluu ya mayunifomu amene ndinkasoka sabata imeneyo, kodulidwa ndi sizasi yanga.

"Mtsikanayu anabwera yekha Lachitatu," anatero. "Anati ndimupezere chisoti cha mutu uwu. Muno munalibe chachikulu chotero, ndinachita kuitanitsa kwina. Akuti mwini mutuyo anamuyeza masana ena akuwodzera pamakina."

Anandipatsa, n'kutembenukira kwa amuna a matayala aja kukawafunsa ngati asankha.

Ndinapita kuseri kwa mulu wa matayala, kumene kunalibe wondiona. Chikwama ndinachiika pansi. Kansalu kaja ndinakazunguliza kumutu, pamwamba pa makutu. Nsonga inakakumana ndi mfundo pakati penipeni pa chipumi, osatsala, osapitirira.