Kanema wa Kuchipinda kwa Amayi

"Wamkuluyo," anatero Lonjezo, chala chili pagalasi. "Titenge wamkuluyo tizipita, miyendo yanga yatopa."

Sabiti, mwini sitolo ya pa Malomo, anakweza maso. Anayang'ana mutu wometa wa Madalitso, kenako duku lakuda la Lonjezo, mlongo wakeyo. Bambo awo, a Petulo, anali ataikidwa m'manda kumayambiriro kwa sabata yomweyo. Asanadwale anasiya mtedza wawo wonse pasitolopo, atapangana ndi Sabiti kuti adzatenge kanema ndi batire lake. Imfa inawapeza asanasankhe.

Chaka chimenecho kanema anali atangoyamba kuoneka m'dziko muno. Wamkuluyo anali wamitundu, ndipo Lonjezo, yemwe ankadikira zotsatira za mayeso a folomu folo, anali atadziona kale atakhala patsogolo pake, akuonera maukwati a m'tauni, akwatibwi aakulu ngati anthu enieni. Winayo anali kabokosi ka mainchi khumi ndi anayi, koonetsa zakuda ndi zoyera basi.

"Bambo aang'ono nawonso anati wamkulu," anatero Madalitso, maso ali kumsewu. Ankayenera kubwerera kuntchito ku Lilongwe, ndipo tulo ta pamaliro tinali tisanamuchoke. "Akuti akhale pabalaza."

"Akhale pabalaza mpaka Loweruka," Lonjezo anatero motsitsa mawu.

Onse ankadziwa za Loweruka. A Alexio, mng'ono wa malemu, anali atalengeza kuti tsikulo abale agawana katundu. Njinga, wailesi ndi mipando anali ataziunjika kale pabalaza.

Sabiti anawerama natulutsa chingwe chomangira fodya. "Bambo anu anachisiya kuno. Anati n'kuchokera papilo pa amayi anu kukafika kukhoma. Ankamangirira kuno, n'kukakhala uko, pansi penipeni, akasitomala akuwalumpha. Ndinkawaseka ine: a Petulo, mwabwera kudzagula kapena kudzagona?"

Lonjezo anatenga nsonga ya chingwecho monyinyirika. Chinali chachifupi kuposa mmene ankaganizira. Anakhala pasimenti, pakati pa matumba a mchere, Sabiti n'kuyatsa wamkulu uja.

Nkhope ya munthu inadzaza maso ake onse. Pafupi chotero sinalinso nkhope, inali mizeremizere ndi timadontho tothamanga. Kuti aone kumene dzanja la munthuyo linkaloza anachita kutembenuza mutu.

Anautembenuzanso kachiwiri, kenako anakumbukira. Amayi awo, a Margareta, anafa ziwalo mbali imodzi dzinja la chaka chathachi. Khosi lawo silinkatembenuka.

"Tayatsani kakang'onoko," anatero.

M'kabokosiko munthu yense anakwanamo, mutu ndi mapewa ndi manja, woyera bwino ngati wa pachithunzi cha ukwati. Koma analibe mtundu. Lonjezo anamva kulira kukubwera, osadziwa ngati akulirira bambo ake kapena akwatibwi aja.

"Achimwene, wamkuluyo m'chipinda muja salowa. Ngakhale atalowa, amayi aziona chiyani?"

"Ukawauze wekha bambo aang'ono," anatero Madalitso. "Ine ndatopa ndi zokangana." Koma ndi iye amene ananyamula katoniyo n'kuimangirira panjinga ya kabaza.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Alexio anali pakhonde, akusenda nzimbe ndi mpeni wa malemu.

"Kameneka?" anatero. "Mtedza wonse uja mwasinthanitsa ndi kabokosi ka sopo? Sukulu yanuyi ndiye yakuthandizani. Chabwino, kaikeni pabalaza, kakhale pamodzi ndi zinazo."

"N'ka amayi," anatero Lonjezo.

"Iwe, chogulidwa ndi thukuta la mkulu wanga n'cha malemu. Anthu adzaona Loweruka."

Lonjezo sanaime. Anadutsa pabalaza, nadutsa njinga ndi mipando, nakankha nsalu ya pakhomo la kuchipinda ndi phewa. A Alexio anamutsatira mpaka pansalupo. Pamenepo anaima. Chipinda cha mkulu wawo anali asanalowemo chibadwire, ndipo lero, alamu awo ali gone mmenemo, amayi a Mpingo ali phee kukhitchini makutu ali kuno, silinali tsiku loyambira.

"Madalitso, tamuuza mlongo wakoyu atulutse."

"Ndikufuna nsungwi yaitali ya eriyo, bambo," anayankha Madalitso ali panja. "Kodi simunaione?"

A Alexio anayang'ana nsaluyo, kenako anabwerera kunzimbe yawo.

M'chipindamo munkanunkhira mafuta opaka ndi sopo. A Margareta anali chigonere chammbali, malo a amuna awo ali oyalidwa bwino. Lonjezo anaika kanemayo pampando, kukhoma, nalumikiza batire. Kwa nthawi yaitali munkangooneka chimvula choyera, Madalitso akuzunguza nsungwi panja, akufunsa pazenera ngati zabwera. Kenako mayi wina anatulukira, akuwerenga nkhani.

A Margareta anamuyang'anitsitsa, mutu osasuntha papilo.

"Ndikumuona yense," anatero ndi pakamwa pawo popotoka. "Wavala diresi la mtundu wanji?"

"Sizioneka, amayi. Kameneka n'kakuda ndi koyera basi. Wamitundu ndamusiya kusitolo."

"Bambo ako akanandiuza." Anapuma pang'ono. "Masana alionse ankaima pazenerapo, n'kumandiuza za kumsewu. Akudutsa a Roza, avala chitenje chofiira, akuyenda ngati awakwiyitsa kuchigayo. Tsiku lina a Rozawo anakhotera konkuno kudzandiona, ndikaone, chitenje chobiriwira. Ndinawafunsa bambo ako. Akuti, msewu ndinasiya kalekale kuuona bwino, koma iwe umakonda chofiira."

Lonjezo anakhala pamphepete pa bedi, kumbali koyalidwa kuja, nayang'ana mayi wa m'kanemayo ndi diresi lake lotuwa. Anapukuta mphuno ndi nsonga ya duku.

"Lofiira, amayi," anatero. "Lili ndi timaluwa tachikasu m'khosimu."

"Eya," anatero a Margareta. "Nanga nsapato?"