Malume Awiri, Msewu Pakati

"Tsopano usaphethire," anatero Lumo, chala chili pa batani. "Apa ndi pamene anthu akagwetse misozi."

Kamaso anakoka mpando n'kuyandikira kompyuta. M'kachipinda kawo kolumikiziramo makanema munkatentha, chifukwa zenera analitseka ndi katoni kuti dzuwa lisawale pa sikirini. Kanemayo anali wa mphindi khumi, wonena za amalume ake awiri okonza zipangizo, ndipo ankafunika kutumizidwa ku mpikisano wa makanema aafupi pofika Lachisanu. Tsikulo linali Lachitatu.

Pa sikirini panaoneka malume ake aakulu, amene msewu wonse unkawatcha a Wailesi, atakhala pakati pa mawailesi otsegula mimba. Anayang'ana chakumanja n'kupukusa mutu.

"Pamenepo ndinalakwa ndine," anatero. "Ndinapupuluma."

Chithunzi chinasintha. Panabwera malume aang'ono, a Foni, akuyang'ana chakumanzere, misozi ili lengelenge.

"Zakale zinapita," anatero iwo. "Munthu umangovomereza."

Kanyimbo ka gitala kanayamba pansipansi, chithunzi n'kuzimiririka.

Lumo anatsamira kumbuyo akumwetulira. Pa ntchito yodula ndi kulumikiza zithunzi panalibe womuposa, ndipo dzina lakelo linachokera pomwepo.

"Waona? Wina unamujambula akuyang'ana kumanja, wina kumanzere. Ukawagundanitsa chonchi, diso la woonera limawaika m'chipinda chimodzi. Akhululukirana, kanema watha."

"Dzanja uli nalo," anatero Kamaso. "Koma kulakwa kumene akunenako ndi kwa wailesi ya mphunzitsi wina imene anaipsereza ali achinyamata."

"Ndikudziwa."

"Misozi ya malume aang'onoyo ndi utsi wa mtovu wowotcherera mawaya. Kansalu kopukutira ndinawapatsa ndekha. Zakale zimene akuti zinapitazo ndi mafoni a mabatani."

"Palibe liwu limene ndawaika m'kamwa. Zonse ananena okha."

"Iwe ukanakhala telala, bwenzi ukusokera mkono wa jekete pa buluku n'kumati nsalu ndi yomweyo."

Lumo anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafufuta msoko wakewo, kanemayo n'kutsala wodukira m'malere.

"Chabwino, ndachotsa. Watsala ndi chiyani? Mphindi khumi za azibambo awiri akumasula tizitsulo. Manja wajambula bwino, phokoso la msewu wagwira bwino, koma nkhani ilibe kolowera. Oweruza akafika mphindi yachisanu akuyasamula."

Kamaso sanatsutse, chifukwa zinali zoona. Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akujambula maukwati a anthu, ndipo uyu anali kanema woyamba amene akanamutcha wake. Masiku asanu anazungulira ndi kamera m'mashopu a amalume akewo. Anajambula zala, mawaya, makasitomala okangana, ngakhale fumbi louluka m'kuwala kwa pakhomo. Chimene sanayerekeze ndi kufunsa za tebulo.

Tebulolo linali la agogo ake aamuna, amene anayambitsa ntchito yokonza mawailesi pa msewuwo. Atamwalira, ana awo awiri anapitiriza mu shopu yomweyo, wamkulu pa mpando, wamng'ono chiimire akupatsira zida. Chaka china a Wailesi anagonekedwa m'chipatala milungu itatu. Potuluka anapeza shopu yadzaza ndi mafoni, ndipo tebulo la bambo awo litachekedwa pakati kuti palowe kauntala ya galasi. Sanakalipe. Ananyamula theka lawo ndi mawailesi awo n'kukatsegula tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi mng'ono wawo. Kuyambira pamenepo panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri osapatsana moni. Mayi a Kamaso, mlongo wawo, anamuchenjeza asanayambe kujambula kuti zogona asakazidzutse.

"Mathero alipo," anatero Kamaso akutseka chikwama cha kamera. "Sindinawafunse basi. Undipatse mawa lonse."

"Ukakabwera chimanjamanja?"

"Tikatumiza wa tizitsulo. Wabodza uja ayi."

M'mawa mwake anafika kwa a Foni makasitomala asanachuluke. Anaimika kamera pambali pa kauntala, osati kutsogolo, kuti diso lake lisawalase kumaso. Kamaikolofoni anawapanira pa kolala.

"Sunathebe?" anafunsa a Foni akutsegula foni ya munthu ndi kampeni. "Ndiye ndidzatchuka liti? Akazi anga ayamba kale kundisitira malaya kawiri pa tsiku."

"Latsala funso limodzi, malume."

"Funsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Kamaso anavala mahedifoni, anaona kuti kagetsi kofiira kayaka, n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

"Tebulo la agogo munalichekeranji?"

Kampeni kanaima. A Foni anayang'ana kamera, kenako mwana wa mlongo wawoyo.

"Malo anali ochepa," anatero mofulumira. "Kauntala sikanalowa. Bizinesi imafuna kusintha, aliyense akudziwa zimenezo."

A Foni anamaliza kuyankha, koma Kamaso sanafunsenso china. Sanagwedeze mutu, sanamwetulire. Ntchito inamuphunzitsa kuti yankho loyamba ndi la alendo, lenileni limabwera munthu ukangokhala chete osamuthandiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Panja panadutsa lole, kenako wogulitsa matsache akuitanira malonda. A Foni anatembenuza foni ija, anaiika pansi, anaitolanso.

"Ukufuna ndinene chiyani?"

Kamaso anangowayang'ana.

"Malo analipo," anatero potsiriza, mawu atatsika. "Kauntala ikanalowa kukhoma uko. Ndinacheka dala. Ndinali ndi zaka makumi anayi, ana atatu kunyumba, koma pa tebulo lija sindinakhalepo ndi tsiku limodzi lomwe. Bambo ali moyo, ine wopatsira. Atapita, ine wopatsirabe. Patse pulayala, patse waya, gwira tochi. Makasitomala ankalowa n'kundifunsa kuti amisiri alipo? Ine ndili pomwepo, manja akuda ngati awo."

Anachotsa mafoni amene anali m'kauntala, n'kukweza kansalu kofiira koyala pansi pake. Kunsi kwake kunali thabwa lakale lakuda, lodzaza ndi zipsera za chowotcherera. Kamaso anatsitsa kamera pang'onopang'ono mpaka thabwalo linadzaza chithunzi.

"Theka langa ndi ili. Za mafoni sindidandaula, n'zimene zaphunzitsa ana anga. Chimene chimandidya n'chakuti ndinadikira munthu agone m'chipatala. Ndinachita ngati wakuba. Ndikanawauza pamaso, tikanatukwanana tsiku limodzi n'kutha."

Anabweza kansalu kaja n'kukasalaza ndi chikhato. Kamaso anawerenga chamumtima mpaka khumi, kenako anazimitsa.

"Achimwene aona zimenezi?" anafunsa a Foni.

"Mukakana, ndifufuta pompano inu mukuona. Mukalola, ndikuwoloka nazo panopa. Sindingaonetse dziko zimene iwo sanaone."

A Foni anasuzumira pakhomo. Tsidya linalo mkulu wawo anali atawerama pa ntchito, magalasi ali pa nsonga ya mphuno.

"Pita nazo. Koma ukamva chitsulo chikuuluka, uteteze kamera."

Kamaso anakopera zithunzizo mu laputopu, anadikira magalimoto adutse, n'kuwoloka.

"Wachokera kwa azamakono," anatero a Wailesi osadzutsa mutu. "Akupatsa netiweki?"

"Ndabwera ndi choti muone, malume. Mng'ono wanu walankhula za tebulo. Ndamufunsa ndine."

A Wailesi anaika chowotcherera pa kachitsulo kake.

"Mayi ako akudziwa kuti ukutakasa zimenezi?"

"Ayi. Ndikawauza ndekha madzulo."

"Ndikakana kuonera ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti sizilowa mu kanema. Nkhaniyi ndi ya anthu awiri."

A Wailesi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anasuntha wailesi imene ankakonza kuti laputopu ipeze malo. Kamaso anawaveka mahedifoni n'kuyatsa. Iye sanayang'ane sikirini, ankayang'ana nkhope yawo. Sinasinthe mpaka pamene thabwa linaoneka. Pamenepo dzanja lawo linatsika n'kugwira m'mphepete mwa tebulo lawo, mbali yochekedwa ija.

Zitatha anavula mahedifoni.

"Mawu ako ali ndi kamng'ung'udzo," anatero. "Waya wa maikolofoni wayandikana ndi chaja. Ukanandifunsa."

"Tikachotsa pa kompyuta."

"Bwezera ndimvenso kamng'ung'udzoko."

Anabwezera. Anaonera kachiwiri mpaka kumapeto, osanenapo za kamng'ung'udzo. Atavula mahedifoni anakonza kolala ya malaya awo.

"Yatsa chinthu chakocho."

Kamaso anaimika kamera mwachangu. Anaiika kumbuyo kwawo chapambali, kuti m'chithunzi muoneke phewa lawo, khomo, msewu, ndi shopu ya a Foni patali. Kagetsi kofiira katayaka, a Wailesi anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Anayang'ana kutsidya. Njinga zinadutsa, mayi wina wobereka mwana anadutsa, basi inaima n'kutchinga zonse, kenako inachoka. Kutsidyako a Foni ankanamizira kupukuta galasi la kauntala.

"Tochi ankagwira bwino," anatero a Wailesi. "Sindinamuuzepo. Bambo nawonso sanandiuzepo kanthu ine, ndiye ndinkayesa ndi mmene zimakhalira."

Anasisita m'mphepete mwa tebulo n'kupitiriza.

"Koma anandicheka ndili pa bedi. Chimenecho sichichoka ndi kanema."

"Sindinabwere kudzachotsa, malume."

"Thabwa limenelija limafuna mafuta kawiri pa chaka. Akalisiya pansi pa nsalu choncho ling'aluka. Ukamuuze."

"Ine ndine wojambula, si mtumiki. Msewu ndi uwu, ndawoloka ine wamkazi ndi katundu kumsana."

"Pakamwa ngati mayi ako," anatero a Wailesi. Anatola chowotcherera n'kuweramiranso pa wailesi ija. Sanadzuke. Kamaso anasiya kamera ikujambula mpaka utsi wa mtovu unakwera n'kuphimba khomo.

Asanachoke anawafunsa ngati alola kuti zonsezo zilowe.

"Ika. Koma usandiikire nyimbo za maliro. Sindinafe."

Madzulo anakawauza mayi ake. Anamvetsera akusita, osamuyang'ana.

"Ndinakuuza kuti usadzutse zogona."

"Sizinagone, amayi. Zimayang'anana tsiku lililonse."

Mayiwo anaimika simbi. Anafunsa ngati aakulu anatukwana, iye anati ayi. Anafunsa ngati aang'ono analira, iye anati ayi. Anapinda malaya amene ankasita, n'kunena kuti kanemayo akatha aonere iwo poyamba, asanaone alendo.

Lachisanu m'mawa Lumo anaonera zatsopanozo manja atapinda pachifuwa. Zitatha anakanda chibwano.

"Sanakhululukirane."

"Ayi."

"Koma mpando sindinausiye." Anakokera kiyibodi pafupi. "Tiyambe ndi thabwa, anthu asadziwe kuti ndi chiyani. Manja ndi mawaya zibwere pakati. Funso lako lilowe pa mphindi yachisanu, pamene oweruza akanayamba kuyasamula. Chete wa a Wailesi uyu ndi masekondi makumi anayi. Ndisiya asanu."

"Usiye onse."

"Masekondi makumi anayi munthu osalankhula? Mu kanema wa mphindi khumi?"

"Yang'ana basi ija. Ikatchinga shopu, woonera ayamba kuopa kuti ikachoka apeza malume aang'ono alowa m'kati. Ikuchoka, ali pomwepo. Ukadula pamenepo wadula nkhani."

Lumo anabwezera, anaonera, anabwezeranso.

"Makumi atatu ndi asanu," anatero. "Kumayambiriro kamera ikugwedera, unali usanamange bwino mwendo wa choimikirapo chake."

Kamaso anasuzumira. Inkagwederadi.

"Makumi atatu ndi asanu. Gitala ayi."

"Gitala wanga wakulakwira chiyani?"

"Msewu uli ndi nyimbo yake."

Anagwira ntchito osapuma mpaka masana. Kamng'ung'udzo anakachotsa, mayina analemba, ndipo chithunzi chomaliza chinali utsi uja ukukwera pakhomo, phokoso la magalimoto likupitirira mumdima kwa masekondi atatu. Mayi a Kamaso anabwera pa nthawi yopuma ku ntchito kwawo, anaonera chiimire chikwama chili m'khwapa, ndipo pomaliza anangoti alongo awo akalamba, n'kutuluka msanga. Kamaso anatumiza kanemayo nthawi itatsala maola awiri.

Lolemba anadutsira pa msewu uja popita kukajambula zina. A Wailesi anali pa mpando wawo, a Foni pa wawo, aliyense tsidya lake. Analowa kwa a Foni kukapereka moni. Mafoni onse anali ataunjikidwa pa benchi, kansalu kofiira kali pa msomali, ndipo thabwa linkanyezimira. Pambali pake panali kabotolo ka mafuta kotsekedwa ndi pepala, kokhala ngati timene a Wailesi ankasungiramo zinthu zawo.

"Usakhudze, sanaume," anatero a Foni.

Kamaso anayang'ana kabotoloko, anayang'ana kutsidya. Kamera inali m'chikwama, batire yodzaza. Sanaitulutse, ndipo sanafunse kuti anawoloka ndani. Anasuntha mafoni awiri pa benchi, anakhala pansi, n'kufunsa malume ake ngati ana adzuka bwino.