Ayi wa Ernest

Anthu a ku Chamama ankamudziwa Ernest kuti ndi munthu wosamva za mnzake. Akati fodya sathyoledwa lero, ngakhale masamba apse m'munda, sankathyoledwa. Mkazi wake Fainess, amene anabwera kuchitengwa kuchokera ku Mtunthama, anazolowera kuti pakhomopo mawu ndi amodzi.

Mvula itangoyamba, munthu uja anasintha. Mutu unkamuwawa m'mamawa mpaka kusanza. Kenaka anayamba kuseka zosaseketsa, ngakhale pamaliro, ndipo ankavomera chilichonse. Wina akati ndibwerekeni ngolo, eya. Ng'ombe nazo? Eya. Tsiku lina anagwa pakati pa mizere, thovu lili kukamwa, ndipo achipatala cha pa boma anamutumiza ku Lilongwe kukajambulitsa mutu.

Kumeneko dokotala, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, anawaonetsa chithunzi. Kutsogolo kwa ubongo kunali chotupa chachikulu ngati dzira la nkhanga. Anati opaleshoni ndi yotheka, koma munthu akhoza kutsirizika ali pa tebulo, kapena kudzuka wosalankhula, ndiponso chotupacho chikuoneka ngati cha mtundu wophukanso.

"Bambo, mwamva?" anafunsa dokotala.

"Eya."

"Tandiuzeni zimene ndanenazi."

Ernest anaseka, nayamba kukamba za nyongolotsi za ku nazale.

Dokotala anatembenukira kwa Fainess. "Eya ameneyu sindingamudalire, mayi. Chotupachi chakhala pamene munthu amaganizira. Ndikupatsani mankhwala ophwetsa kutupa, mwina nzeru zibwerera adzayankhe yekha. Zikakanika, apabanja mudzagwirizane."

Mawu akuti apabanjawo ndi amene anabweretsa Consolata, mlongo wake wamkulu wa Ernest. Anawapeza m'chigafa, Fainess akusoka fodya, Ernest atakhala pa chitsa akumwetulira mapaso. Moni sanapereke.

"Alamu, munamudyetsa khuzumule mlongo wanga kuti azikuvomerani zonse. Zatheka. Lero mukufuna madokotala akumalizireni ntchito?"

"Khuzumule amaoneka pa chithunzi?" Fainess anayankha osadzutsa mutu. "Mukadapita nafe bwenzi mutadzionera nokha. Koma inu mumabwera pakakhala msonkhano basi. Akamasanza simuoneka."

"Pakamwa pako pamenepo! Mudzi uno ndi wathu, iwe unachita kubwera." Consolata anagwada pamaso pa mlongo wake. "Achimwene, mukufuna akung'ambeni mutu ngati dzungu? Simukufuna, eti?"

"Eya, sindikufuna," anatero Ernest.

Fainess anaponya pansi singano. "Bambo a Goodness, si mukufuna kuchira? Tipite akachotse chotupacho?"

"Eya, tipite."

"Mwamva!"

"Ndamva kuti wamulodza," anatero Consolata.

Anakokanakokana choncho mpaka anthu oyandikana nawo anasiya makasu n'kuima kumpanda. Aliyense ankafunsa funso lake, aliyense ankalandira yankho limene ankafuna. Ernest ankangotembenuza mutu uku ndi uku, misozi ikutsika koma akusekabe. Fainess ataiona misoziyo anachita manyazi, komabe sanafune kuti Consolata apambane, choncho anafunsanso kachiwiri.

Mankhwala aja anagwira ntchito pang'onopang'ono. M'mawa wina Fainess anamva kukalipa m'chigafa.

"Ndani wapanikiza fodya chonchi? Mukufuna awole?"

Anathamanga, mtima uli m'mwamba. Ernest anali ataima, akutalikitsa mikangala, nkhope ili gwa ngati kale.

"Bambo a Goodness, mwabwerera!"

"Ndinapita kuti? Zonse ndimazimva, kungoti zimandidutsa ngati madzi. Iwe ndi achemwali mwandisandutsa mbuzi ya pa msika. Ndikamva ndekha kwa dokotalayo."

Ulendo wa ku Lilongwe anapita atatu. Mu minibasi Consolata anakhala kutsogolo, Fainess kumbuyo. Atafika, dokotala anawatulutsa amayi onse awiri, natsala ndi Ernest yekha. Amayiwo anakhala pa benchi imodzi panja, wina kunsonga iyi wina kunsonga iyo, pakati pawo pali malo okwana anthu atatu.

Atawaitana, dokotala anati, "Bambo, auzeni zimene mwandiuza."

Ernest analankhula mosadodoma. "Muli chotupa m'mutumu. Akachichotsa ndikhoza kuwonjezera miyezi, mwina chaka, ndikhozanso kufa pomwepo kapena kukhala wosalankhula. Akapanda kuchichotsa chikula, chindipha. Ndamva zonse. Sindikufuna. Ndikafere kwathu ndikudziwa dzina langa."

Consolata anawomba m'manja kamodzi, nayang'ana mlamu wake cham'mbali.

Fainess anaimirira. "Adokotala, chotupa ndicho chikulankhula. Paja munanena nokha kuti mawu awo sitingawadalire. Akati eya mukukana, akati ayi mukuvomera. Ndi chilungamo chimenecho?"

"Tsiku lija sanathe kundibwerezera ngakhale mawu amodzi," anayankha dokotala. "Lero ndawafunsa mozungulira, ndawasiya apume, ndawafunsanso. Yankho silinasinthe, ndipo chifukwa chake akuchidziwa. Ineyo ndikadakonda atalola. Koma mutu ndi wawo."

"Nanga ine? Ana?"

"Khala pansi, Fainess," anatero Ernest. "Usandichititse manyazi."

Pobwerera Fainess sanamulankhule mwamuna wake mpaka anatsika. Sabata yonse ankangomuikira madzi osamba ndi mankhwala osanena kanthu. Consolata naye anayendayenda m'mudzi kuuza anthu kuti mlongo wake wapulumuka m'manja mwa mfiti.

Nthawi yosankha fodya itafika, nzeru zija zinayambanso kuthawa. Dzanja lamanja linalefuka, kuseka kuja kunabwerera. Masana ena Fainess akumumwetsa phala, pakhomo palibe wina aliyense, anaganiza kuti atati amufunse tsopano za opaleshoni avomera, ndipo iye monga mkazi wake akhoza kukaumirira kuchipatala kuti bambo asintha maganizo. Mawu anafika mpaka pamilomo. Anakumbukira nkhope ija ya m'chipinda cha dokotala, yolimba, yomukwiyitsa. Anamupukuta pakamwa ndi chitenje, natuluka panja kukalira kuseri kwa chigafa, akumutukwana chamumtima chifukwa cha makani ake.

Ernest anamwalira m'nyengo yozizira, ali pa mphasa m'nyumba yake. Pamaliro Consolata analira mofuula kuti onse amve, akutchula za anthu obwera amene amadya eni mudzi. Amayi ena anamugwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Achibale a mwamuna wake atamusudzula, Fainess sanadikire kuti wina amuuze zochita. Anamanga mtolo wa ziwiya zake, Goodness atanyamula nkhuku ziwiri m'dengu, naima pa msewu kudikira galimoto ya ku Mtunthama. Consolata anadutsa pomwepo akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Anaima pang'ono ngati akufuna kunena kanthu. Fainess anayang'ana kumene kunkachokera fumbi la galimoto, ndipo Consolata anapitiriza ulendo wake.