Lamba Wodukira kwa Nthache

Nyali yofiira ya batire itayaka, a Aloysius anaimika pikapu m'mbali mwa msewu wafumbi n'kuzimitsa injini. Kumbuyo kunali madengu a manachesi amene iwo ndi mwana wawo wamkazi Taziona anathyola dzulo lake kumunda kwawo kwa Nthache. Wogula wa ku Blantyre ankawadikira pa boma, ndipo anali atanenetsa kuti dzuwa likafika pamutu akweza za anthu ena.

"Lamba uja waduka," anatero Taziona akutsika. "Ndinakuuzani, Ababa. Chibwerereni changa wakhala akulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga."

"Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika," anayankha bambo ake. "Nawenso usamale, pakamwa pako sipapuma. Tatenga lamba wina kuseri kwa mpando, ndi thumba la masipanala."

A Aloysius anayendetsa mathiraki a ku Tete ndi ku Beira mpaka imvi zinamera. Taziona naye anali dalaivala, ankagawa buledi m'magolosale a ku Limbe, ndipo kumudzi anabwera patchuthi kudzathandiza zokolola. Komabe pa pikapu ya bambo ake, ntchito yake inali yopatsira zitsulo basi.

Anatsegula boneti. Lamba wakale anali atazengerezeka pansi pa fani, ulusi uli wiriwiri. A Aloysius anamukoka n'kumuponya pa udzu.

"Lamba mmodzi yemweyu ndiye amazunguza alitaneta, fani ndi pampu ya madzi," anatero. "Tikanakakamira, injini ikanapsa tisanafike patala."

Anamasula bawuti ya pamwamba, anamasulako pang'ono ya pansi, kenako anakankhira alitaneta kufupi ndi injini. Povala lamba watsopano ndi pomwe anachedwa. Ankagwira ntchito ndi dzanja lamanja lokha, lamanzere atalitsamiritsa pa rediyeta. Lamba akalowa mumpata wa pule imodzi, kagudumu kamene amayendapo, ankatuluka pa ina.

Pomwepo panatulukira Laston, mnansi wawo, akukankha njinga ya matumba a makala.

"Madala, yakana? Ndiimike njinga ndikugwirireni?"

"Epa! Ine ndakonzapo thiraki pakati pa tchire la ku Moatize, mvula ikugwa. Pita, makala ako angakuthere mtengo."

Laston anaseka, anapukuta thukuta ndi chipewa, n'kupitirira.

Lamba atakhala m'malo mwake, panatsala kumukunga. A Aloysius analowetsa chitsulo chochotsera matayala pakati pa injini ndi alitaneta, anachikoka ndi dzanja lamanzere, lamanja likumanga bawuti. Anatseka thumba la masipanala n'kuuza Taziona kuti alize injini. Itangolira, lamba anakuwa kuposa wakale uja.

"Zimitsa!"

Taziona anabwera n'kudina lamba ndi chala. Anangolowa ngati chingwe choyanikira zovala.

"Sanakungike, Ababa."

"Ndaona. Ndili ndi maso."

Anamasulanso bawuti, anagwiranso chitsulo. Ulendo uno Taziona sanayang'ane lamba, anayang'ana dzanja. Zala za bambo ake zinazinga chitsulo, koma sizinafinye. Mkuluyo anakoka ndi phewa lonse, mitsempha ya m'khosi ili njo, ndipo chitsulo chinapulumuka n'kugwera pansi pa galimoto. A Aloysius anaima osachitola.

Taziona anakumbukira magiya amene anakhala akukukuta m'mawa wonse, bambo ake akunamizira kilatchi. Anakumbukiranso kuti masiku onsewa mayi ake ndi amene ankawamanga mabatani a malaya, akumati akuwakonzera kolala.

"Ababa, tandigwirani dzanja."

"Iwe, nthawi ikutha."

"Ndi lamanzerelo. Finyani."

Anamugwira. Kufinya kwawo kunali ngati kwa khanda.

"Zinayamba liti?"

A Aloysius anakhala pa bampala n'kuyang'ana kumapiri. "Sabata yatha. Ndinadzuka lili dzanzi, ndinkati ndaligonera. Mwendonso umalemera pang'ono ndikaponda kilatchi."

"Ndiye mwakhala chete? Mukuyendetsa galimoto yodzaza, m'zitunda zonsezi, ine ndili pambali panu?"

"Ndimati manachesi atuluke kaye. Akavunda mumtengo, chaka chonse chapita. Ndipo anthu akamva kuti Aloysius dzanja lafa, ndani adzandipatsenso katundu woti ndimunyamulire?"

Taziona anagwada, anatulutsa chitsulo chija pansi pa galimoto, n'kuchilowetsa pomwe chinali.

"Osati pamenepo," anatero bambo ake akuimirira. "Uphwanya waya. Tsitsa, chigwire pathupi pa alitaneta. Eya. Tsopano koka pang'onopang'ono."

Taziona anaponda bampala ndi phazi limodzi n'kukoka. Lamba anawongoka.

"Ndiwonjezere?"

"Dikira." A Aloysius anadina lamba ndi chala chachikulu cha kumanja, pakati pa alitaneta ndi pampu. "Wanyanya. Ukakunga ngati ng'oma, mabering'i a alitaneta atha mwezi usanathe. Bweza pang'ono. Azilowa ngati kunenepa kwa chala chako, osapitirira. Gwira pomwepo, usapume."

Anamanga bawuti ya pamwamba, kenako ya pansi, n'kudinanso lamba. Anauza Taziona kuti nayenso adine, kuti chala chake chidziwe. Injini italira, nyali yofiira inazima ndipo lamba anazungulira mwakachetechete.

"Watsopano amatamuka," anatero a Aloysius akupukuta dzanja pa thalauza. "Mawa udzamudinenso."

Taziona anatseka boneti n'kukakhala pa chiwongolero. Bambo ake anaima pakhomo la dalaivala kwa kanthawi, akumuyang'ana. Iye anangokoka mpando kuti miyendo ifike bwino. Pamapeto pake mkuluyo anazungulira kutsogolo kwa galimoto, akukoka mwendo pang'ono, n'kukwera mbali inayo.

Pachitunda anamupitirira Laston ndi njinga yake ija. Laston anatsegula pakamwa poona amene akuyendetsa, koma a Aloysius anayang'ana kutsogolo.

Akulowa pa boma, foni ya Taziona inalira. Anaima pambali n'kuyankha. Anali wogula uja.

"Achemwali, muli pati? Lole yatsala pang'ono kudzaza."

"Tafika pa boma, koma ndikupita kaye kuchipatala ndi bambo. Mukafuna manachesi mutipeza pageti."

"Aa, ine za kuchipatala ayi. Ndikweza za ena."

"Kwezani."

A Aloysius anatembenuka. "Tazi, msika uli apa pomwe. Titsitse kaye, chipatala sichithawa."

"Mwakhala mukutero kuyambira sabata yatha, Ababa. Manachesi ndigulitsa ndekha pamsewu, ngakhale mulu umodziumodzi. Ovunda tikataya."

Bambo ake anayang'ana dzanja lawo lili pantchafu. Galimoto inakhotera kuchipatala.

Namwino atawafunsa mafunso n'kuwayeza kuthamanga kwa magazi, sanawabwezere pamzere. Anaitana njinga ya odwala n'kuuza Taziona kuti bambo ake agonekedwa. Iye anatuluka panja, anatsamira madengu a manachesi amene anali atayamba kutentha ndi dzuwa, n'kuimbira mayi ake.

"Amayi, tili kuchipatala. Ababa awagoneka."

Kumbali inayo mayi ake anafunsa ndi mawu otsika, "Avomera okha?"

"Avomera."

Anamva mayi ake akutulutsa mpweya wautali.

"Chabwino. Uwauze ndikubwera ndi bulangete."