Mzere wa Waipa

Galimoto yokoka zinzake inalowa chafutambuyo pageti, kapikiapu ka malemu kali lendelende kumbuyo kwake. Kapitawo anakayang'ana kagalimoto ka bambo akeko. Anakhala pa umodzi mwa mipando yapulasitiki imene inali isanabwezedwe kwa eni ake chiikireni maliro.

"Pang'onopang'ono! Mugunda khomalo!" anakuwa bambo ake aang'ono, akukupiza manja ngati galaja ndi yawo.

Dzina loti Kapitawo anamupatsa ndi bambo ake ali kamwana, chifukwa ankalamula ndi akuluakulu omwe. Tsopano anali mayi wa zaka makumi atatu, ndipo chithereni banja lake ankagwira ntchito ndi bambo akewo, omwe aliyense ankawatcha a Magalasi. Ntchito yawo inali yochotsa mizere yokandika pa magalasi a galimoto, a matebulo ndi a mazenera, pogwiritsa makina opolishira. Lachiwiri lapitalo, dzuwa litangotuluka, a Magalasi anaphonya pokhota msewu n'kugwera m'ngalande. Panalibe galimoto ina, kunalibe mvula. Kuchipatala anati mwina mtima unaima. Mawu oti "mwina" amenewo ndiwo ankamudya Kapitawo.

Anali ndi chake chimene sanauze munthu. Lachisanu, masiku anayi ngozi isanachitike, bambo ake atachokapo, iye anapolisha galasi lakutsogolo la kapikiapuko. Waipa yakutha, chopukutira mvula pagalasi chija, inali itakanda mzere wokhota ndendende pamene woyendetsa amayang'anira. Lamulo la a Magalasi ankalidziwa bwino: yendetsa chikhadabo pamzerepo, chikakodwa ndiye kuti mzerewo ndi wakuya, usauyambe. Chake chinakodwa. Koma ankafuna kuwadabwitsa akuluwo, aone kuti dzanja lake lakhwima. Anasungunula ufa wopolishira m'madzi, nayatsa makina. Mzere unkazimirira, iye n'kumakanikizabe pamalo amodzimodzi, mpaka unatheratu. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Atakhala pampando n'kuyang'ana mtengo wamagetsi wa kunja kwa geti, mtengowo unapindika pakati ngati ndodo yoviika m'madzi. Anali atakumba kadzenje kosaoneka m'galasimo, ndipo galasi lotero limanamiza maso, chinthu chimaoneka pamene sichili. Manyazi anamugwira. Anati anena Lolemba. Lolemba litafika anati anena mawa.

Kuyambira tsiku la ngozi makinawo sanawagwirenso. Dzulo lake mayi wina anabwera ndi galasi la patebulo lokandika ndi mipeni ya ana, Kapitawo n'kumubweza kuti makina afa. Makina anali bwinobwino pashelefu.

"Alamu, bwerani muone," anatero bambo aang'ono, akuitana amayi a Kapitawo omwe anaima pakhomo la nyumba manja ali m'khwapa. Bambo aang'onowo anakalambira pa chiwongolero cha malole, ndipo za galimoto sankafuna kuphunzitsidwa ndi munthu. "Achimwene anayendetsa zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku. Za mtimazo ine sizikundilowa. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiiona ndekha galimotoyi. Ngati pali amene anaigwira molakwika ndimupeza, ndipo tikathera kupolisi."

"Musiyeni munthu agone, alamu," anayankha amayi motsitsa.

"Agona ndikadziwa chinamupha."

Anavula jekete, nayala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto. Kapitawo ankangoona nsapato zawo zikusuntha. Galasi lakutsogolo linali litang'aluka mbali ya wokwera, koma mbali ya woyendetsa linali lathunthu, fumbi lokha mbuu. Sabata yonseyo ankapemphera kuti lipezeke litaphwanyikiratu, ndipo pemphero limenelo linkamuchititsa manyazi kuposa china chilichonse.

"Mabuleki ali bwino," anamveka mawu kunsiko.

Anatuluka, nagwada pa tayala lililonse, kulisisita, kuligogoda. Matayala anali bwino. Anatsegula boneti yopindikayo, nagwedeza ichi, kukoka icho. Chilichonse chikapezeka chabwino ankasendera kufupi ndi chitseko cha woyendetsa. Kapitawo ankawatsatira ndi maso. Ankaopa apolisi, inde, koma kwenikweni ankaopa nkhope ya amayi ake.

"Kapitawo, tatenga nsanza upukute fumbili. Ndikhale pampandopa ndione zomwe achimwene ankaona."

Anadzuka. Anatenga nsanza pamsomali, nafika pagalimoto, koma dzanja linakana kukwera. Nsanza inagwa pansi.

"Watani iwe? Ukudwala?"

"Ndine, bambo." Mawu anatuluka aang'ono, moti anabwerezanso. "Ndine. Ndinapolisha galasili Lachisanu. Mzere unali wakuya, chikhadabo chinakodwa, koma ndinapitiriza. Linayamba kupotoza zinthu, ndendende poyang'anira. Ndinaona ndi maso angawa, osanena. Bambo anaona msewu pamene panalibe msewu."

Woyendetsa galimoto yokoka ija, yemwe ankakulunga tcheni chake, anachisiya pansi mwakachetechete n'kupita kukaima kunja kwa geti. Bambo aang'ono anamuyang'ana mwana wa mchimwene wawoyo. Anatola nsanza ija, napukuta okha, natsegula chitseko chomwe chinalira ngati chikudandaula, n'kukhala pampando.

Anasuzumira. Anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uko. Anatsinzina diso limodzi.

"Wati limapotoza chiyani?"

"Mtengo wamagetsiwo. Upindika pakati."

"Iwe, usandiseweretse pa zinthu zoopsa. Mtengo uli chilili apo. Khala uone wekha."

Kapitawo anakhala pampando wa bambo ake, womwe unali udakali wokankhira m'mbuyo molingana ndi miyendo yawo yaitali. Mtengo unali woongoka. Anasuntha mutu monga anachitira tsiku lija, koma sunapindike. Anayendetsa zala kunja kwa galasi, kufunafuna kadzenje kake, osakapeza. Ndiye anaona pakona yam'munsi nambala yolembedwa ndi penti wachikasu, monga amalembera ogulitsa zida za galimoto zakufa.

"Ili si galasi lija," anatero, mutu utaima.

"Si limenelo ayi," anayankha amayi ake. Anali atatsika pakhomo paja, ndipo anaima pafupi ndi chitseko. "Mwana wanga, sabata yonseyi osadya, osagona, nkhani yake inali imeneyi? Ine ndimayesa ndi maliro chabe. Bwanji osandifunsa?"

"Munkadziwa, amayi?"

"Bambo ako analiona Loweruka m'mawa, asanatuluke n'komwe pageti. Iwe unali utapita kukapolisha mazenera kunyumba yosanja ija. Anakagula lina, anabwera ndi mnzawo woika magalasi, pofika masana n'kuti zatha. Anandiletsa kukuuza. Anati, 'Akamva lero, mwanayu asiya makina, chonsecho dzanja lake ndi lofewa kuposa langa. Ndimuuza ndekha mtima wake ukakhala pansi.'"

Kapitawo anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, nalira mokweza, kulira kumene kunamukanika ngakhale kumanda. Bambo aang'ono anatsokomola, natola jekete yawo, naikung'untha fumbi lomwe panalibe.

"Ndiye kuti unali mtimadi," anatero, mawu atasasa. "Achimwene inu." Anapita kukathandiza woyendetsa uja kukulunga tcheni.

Amayi anamugwira mwana wawo pamkono. "Tiye m'nyumba, pali choti uone."

M'chipinda chogona munkamvekabe fungo la mafuta amene a Magalasi ankadzola m'manja akaweruka. Amayi analoza kuseri kwa kabati ya zovala. Awiriwo anaikankha pang'ono, ndipo Kapitawo anasolola chinthu cholemera chokutidwa ndi bulangeti lakale. Atavundukula anapeza magalasi awiri atatsamirana. Lalikulu analizindikira nthawi yomweyo, linali lake lija. Linalo linali laling'ono, la galimoto zamakedzana, m'mphepete mwake mutachita chikasu.

"Nanga ili?"

"Ilo ndi lawo. Analiononga tisanakwatirane, ali pa ntchito yoyamba, abwana awo n'kuwathamangitsa tsiku lomwelo anthu akuona. Tasamuka nalo nyumba zinayi. Ine kulankhula kuti chinyalalachi titaye, iwo ayi."

Kapitawo analinyamula galasi lakalelo n'kuyang'aniramo. Mphuthu ya chitseko inapindika kawiri, kabati inafufuma mimba, amayi ake anaoneka ndi chipumi chachitali ngati cha m'supuni. Kuseka kunamutuluka pakati pa misozi, amayi nawo n'kuseka akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Analitulutsa Lolemba madzulo," anatero amayi. "Analitsuka ndi sopo, analiumitsa, n'kuliika kutsogolo kwa lakolo. Anati tsiku lokuuza likafika, ayamba akuonetsa lawoli."