Mizere Imene a Chidule Anafufuta

Mnzathu wina kuntchito tinamupatsa dzina loti a Chidule, ndipo amalinyadira. Ena akamadzitama ndi khodi ya mapulogalamu a kompyuta imene alemba, iwo amadzitama ndi imene afufuta. Ine ndi iwowo timasamalira laibulale ya khodi yoteteza mauthenga, yomwe makampani amaika m'zipangizo zawo. Chimodzi mwa zipangizozo ndi kamakina koyezera shuga ka bambo anga. Kamatumiza zotsatira kwa anesi kuchipatala, anesiwo n'kuwauza bambo mlingo wa jakisoni.

Kamakinako sikalankhula mwachisawawa ndi seva, kompyuta ya kampani imene imalandira zotsatirazo. Seva iyambe yaonetsa setifiketi, ndipo setifiketiyo ikhale ndi zidindo ziwiri za makaundula a poyera, komwe setifiketi iliyonse imalembedwa kuti wakuba asapange yabodza mobisa. Ntchito yanga inali kulemba mmene laibulale izidziwira kaundula aliyense. Ndinaikamo zinthu zitatu: dzina lake, kiyi wake wotsimikizira chidindo, ndi tsiku limene anapuma ntchito, ngati anapuma.

A Chidule ataona chachitatucho anakwinya nkhope.

"Ichi n'chiyaninso, mayi? Kaundula timamukhulupirira kapena ayi. Akapuma timuchotsa, basi."

"Mboni ikapuma ntchito, zimene inasaina kale sizifafanizika," ndinatero. "Nanga masetifiketi amene anadindidwa kaundulayo asanapume?"

"Inu mumakonda kudwala matenda oti sanabwere."

Lamulo lathu n'lakuti kusintha kulikonse wina akuvomereze. A Chidule atapempha kufufuta mizere ya tsikulo, ine ndinakana. Iwo anangolambalala n'kutumiza kwa abwana, amene anadina chala cham'mwamba pafoni ali pakati pa msonkhano. Ndikukayika ngati anawerenga ngakhale mutu wake. Mizere yanga inapita choncho, ndipo a Chidule anakapanga khofi akuimba mluzu.

Patapita miyezi kaundula wina anapumadi. A Chidule anamuchotsa monga analonjezera, kampani ya timakina tija inatenga laibulale yatsopanoyo n'kuitumiza ku timakina tonse. Setifiketi ya seva yawo inali ndi chidindo cha kaundula yemweyo. Timakina tinawerenga zidindo, tinapeza chodziwika chimodzi chokha, tinatseka pakamwa.

Ndinabwezeretsa mizere ija mtima ukuwira. A Chidule anavomereza, koma pansi analembapo kuti, "Zatalika." Kenako anatseka dandaulo lonse la kampaniyo ndi mawu oti vuto latha. Latha kuti? Timakinato tikanalandira bwanji khodi yokonzedwayo pamene seva yoitumiza ndi yomweyo imene tikuikana? Kampani inati ikuona chochita, ndipo mpaka pano ikuonabe.

Ndinaimbira bambo foni.

"Kamakina kaja kakugwira, bambo?"

"Kali bwinobwino, mwana wanga. Usadere nkhawa."

Ndinawakhulupirira, poganiza kuti mwina kawoko sikanalandire zatsopanozo. Loweruka ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pampando wawo wa pawindo, milomo ili gwa, jagi ya madzi ili pambali itatsala pang'ono kutha. Pamene ndimakhala pansi n'kuti akuthiranso kapu ina. Pashelefu pamene pamakhala kamakina panali mbee. Ndinakapeza m'dirowa, pakati pa mabatire akutha ndi magalasi othyoka, katakulungidwa m'kampango bwinobwino. Nditakayatsa kanalemba zomwe ndimaopa zija, zoti kakana kulumikiza.

"Nanga jakisoni mukubaya mlingo wanji?"

"Ndimangoyerekeza. Thupi ndi langa, ndimalidziwa."

"Anesi sanakuimbireni?"

Anayang'ana panja. Bambo angawa anauza msewu wonse, kuyambira wometa tsitsi mpaka wokonza nsapato, kuti m'kamakinamo muli nzeru za mwana wawo. Alendo amaonetsedwa kamakinako asanapatsidwe n'komwe mpando.

"Anaimba," anatero. "Ndinawauza kuti ndinakagwetsera m'beseni."

"M'beseni? Bambo!"

"Anandikalipira ndithu. Akuti nkhalamba yosasamala, ndidikire mpaka kena kadzapezeke." Anaseka pang'ono, kenako anatsokomola. "Nanga ndikanati chiyani? Kuti ntchito ya mwana wanga yafa?"

Munthu wamkulu wosamala zinthu, amene risiti ya wailesi amaisunga mpaka wailesiyo kufa, analola kutchedwa wosasamala chifukwa cha mizere imene munthu wina inamunyansa kutalika. Ndinapsa mtima.

Ndinaitana takisi yoti itipititse kuchipatala. Tikudikira, foni inalira. Anali a Chidule, apempha ndivomereze kusintha kwatsopano. Akuti popeza palibe kaundula wina amene akupuma posachedwa, tsiku lija tikhoza kulichotsanso.

Ndinadina kukana, foni n'kuiponya pampando. Kenako ndinagwada kuti ndiwaveke bambo nsapato, koma sizinalowe. Mapazi anali atatupa.