Makona Atatu a Chipulikano

A Ezekiel Mhango a ku Chilomoni mawu akuti "sindikudziwa" ankawaopa ngati matenda. Choncho mwana wawo Chipulikano, wa Folomu 1, atawafunsa kuti makona atatu a thirayango akaphatikizidwa amakwana madigiri angati, sanachotse n'komwe maso pa mpira wa pa TV. Anangoti 360, n'kuwonjezera kuti masamu otere ankawakhoza ali m'tulo.

Mawa lake mwana anabwera kusukulu maondo ali mbuu. Amayi ake, a Doris, ndiwo anafotokoza. Aphunzitsi atanena kuti yankho ndi 180, Chipulikano anaimirira n'kuwatsutsa, ati adadi ake salakwa. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Atauzidwa kuti apepese anakana, ndiye anamugwaditsa panja mpaka belu.

A Mhango anazembera kuseri kwa nyumba kukafufuza pafoni. 180. Mtima unawapweteka poganiza za timaondo tija pamiyala, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha matama awo. Koma pobwerera m'nyumba pakamwa panatuluka zina: ati aphunzitsi a masiku ano ngaphuma.

Chipulikano anamwetulira, n'kuthamanga kukatenga pepala ndi sizasi. Anati aphunzitsi anadula thirayango, anang'amba makona ake atatu, n'kuwagundanitsa nsonga pamodzi. Makonawo anapanga mzere wowongoka, umene ndi 180. Ikanakhala 360, akanazungulira n'kukumana.

"Koma ija anadula okha, mwina anabera," anatero. "Dulani yanu, adadi, mawa ndikawaonetse."

A Mhango anadula yaikulu, pang'onopang'ono, ngati kuti kuchedwa kungasinthe kanthu. Anang'amba makona n'kuwayala patebulo. Mzere uja unatuluka, wowongoka ngati m'mphepete mwa tebulolo.

Mwana anatembenuza tizidutswato, anatisinthanitsa, anayesanso. Mzere womwewo.

"Ndinalakwa ndine, mwanawe," anatero a Mhango, mawu ali pansipansi. "Ndinangolota yankho."

"Nanga posachedwapa, pamene mumati ngaphuma, munali mukudziwa?"

A Mhango anagwedeza mutu kuvomera. Ankafuna mwanayo alire kapena akalipe, mwina zikanawapepukira. Iye anangosonkhanitsa tizidutswato bwinobwino, n'kutsegula kope lake pa homuweki ya tsikulo. Anawerenga funso loyamba, anawayang'ana pang'ono adadi ake amene anali atasendera kale pafupi, kenako ananyamula kopelo n'kupita kukagogoda kwa aneba.